Uthenga umene boma silinatumize

Foni ya ambuya inali yakuda, yaing'ono ngati sopo wotsala, ndipo chivindikiro chake chakumbuyo chinkagwiridwa ndi mphira wodula ku chubu cha njinga. Inkagona m'sokosi, sokosiyo m'chitini cha tiyi, chitinicho pamwamba pa kabati pamene mbewa sizinkafika. Amene anaisiya anali amalume, mlongo wawo wa amayi anga, pamene ankapita ku Lusaka kukagwira ntchito pa minibasi. Ambuya sankadziwa kuwerenga. Ankadziwa batani lobiriwira ndi lofiira basi. Zolembedwa zonse zinali ntchito yanga.

Ndinali ndi zaka khumi. Pa puloti yathu ku Kanakantapa tinkakhala awiri okha. Bambo sindinawaonepo, ndipo amayi anamwalira ndili wamng'ono kwambiri moti nkhope yawo ndinaiphunzira pa chithunzi. Anthu ankati ndine mtsikana wofatsa. Sikunali kufatsa. Ndinkayang'anira. Ambuya akatsokomola ndinkasiya chimene ndikuchita, akachedwa kumjigo ndinkakaima pamsewu. Mwana amene watsala ndi munthu mmodzi sasewera ndi maso onse awiri.

Panyumba netiweki sinkafika. Inkagwira pa chulu chachikulu chimene chinali kumapeto kwa munda wa chimanga, ndipo umayenera kukwera mpaka pamwamba, n'kukweza dzanja ngati ukupempha kuyankha m'kalasi. Ukadikira pang'ono foni inkanjenjemera, mauthenga n'kulowa awiri kapena atatu motsatizana.

Chaka cha m'mbuyo mwake boma linali litalemba alimi olandira feteleza, ndipo uthenga wake unabwera pa foniyo uli ndi dzina la ambuya, lonse, monga momwe lilili pa chitupa chawo. Anandiuza kuti ndiwerenge dzinalo kawiri. Kuyambira tsiku limenelo uthenga uliwonse wa boma ankaulandira ngati kalata yolembera iwo okha. Ankapukuta m'manja, kumanganso chitenge, kukhala pa mpando msana uli chilili, kenako n'kunena kuti, "Werenga, timve." Ndikamaliza ankagwedeza mutu: "Auze tamva." Ndinayesapo kuyankha kamodzi koma foni inakana. Nditawauza sanadabwe. "Akulu sayankhiwa," anatero.

Ndisawaseke. Inenso ndinkakhulupirira zomwezo, mwina osati ndi mtima wonse, koma ndinkakhulupirira.

Dzinja limenelo sukulu sinatsegulidwe Khirisimasi itatha. Ku Lusaka kunabuka kolera. Tinayamba kumva pa wailesi ya anansi, kenako kwa anthu otsika minibasi, amene ankanena za misika yotsekedwa ndi matenti odzaza anthu. Kenako foni inayamba kunjenjemera pafupifupi tsiku lililonse. Mauthengawo ankabwera m'Chingelezi, ndipo ine, ndi Chingelezi changa cha giredi faifi, ndinkawamasulira mawu amodzi amodzi, chala chili pa galasi. Sambani m'manja ndi sopo. Wiritsani madzi akumwa kapena thiranimo klorini. Musadye zogulitsidwa m'mbali mwa msewu. Munthu akayamba kutsegula m'mimba, thamangirani naye kuchipatala.

Ambuya ankachita zonse. Madzi athu ankamveka utsi. Mango ankagwa n'kuwolera pansi pa mtengo, ntchentche zobiriwira zili ng'waa, ine osaloledwa kutola ngakhale limodzi. Popanda sukulu masiku anatalika. Mvula inkagwa, kuleka, kugwanso, ndipo ine ndinkangoyendayenda: kukhonde, kumsewu, kuchulu, kubwerera. Ndinkakwera chulucho kanayi kapena kasanu pa tsiku, dothi lofiira litamata m'zala za kumapazi. Ndinkaopa uthenga, komabe kusabwera kwake ndinkakuopa koposa.

Koma chinthu chimodzi ndicho chinkandisowetsa mtendere kuposa zonse, ndipo chinali ntchito ya ambuya. Iwo ankasambitsa maliro. Mayi akamwalira m'dera lathu, amene ankaitanidwa anali iwowo pamodzi ndi mnzawo, mayi wachikulire amene nyumba yake inali kumunsi pafupi ndi madimba, amene ine ndinkamutcha ambuya a kudambo. Awiriwa ankayenda limodzi ngati ng'ombe za pa goli. Ambuya anali ndi beseni lawo la ntchitoyo, loyera, lobenthuka m'mphepete, limene silinkakhudza mbale kapena zovala. M'kati mwake munkakhala sopo, kansalu, chipeso ndi kabotolo ka mafuta. Sankalipidwa. Akabwerako ankasamba kuseri kwa nyumba.

Sabata lachitatu unabwera uthenga wa maliro. Ndinauwerenga katatu ndili pa chulu ndisanatsike. Unkati munthu akamwalira anthu asagwire kapena kusambitsa mtembo, koma adziwitse a zaumoyo. Maliro akhale achidule, ndipo pasaphikidwe chakudya.

Ambuya anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Boma yalemba bwino. Koma munthu sangayende kwa Mulungu na thukuta ya pamphasa." Ndipo patapita masiku awiri, mayi wina wokalamba atamwalira kutsidya kwa msewu, anatenga beseni lawo n'kupita. Anati mayiyo anali atagona chaka chathunthu ndi matenda a miyendo, kolera sinamukhudze. Ine sindinamve zimenezo. Ndinaima pamsewu m'mawa wonse, ndikuthyola udzu n'kumautaya.

Atabwerako ndinayamba kuwerenga maulendo awo a kuchimbudzi. Ndinkachita ngati ndikusesa kapena ndikuthamangitsa nkhuku, koma maso ali pa kachitseko ka malata kaja. Kamodzi m'mawa. Kamodzi masana. Tsiku lina anapita kachitatu dzuwa lisanapendeke. Atatuluka anandipeza nditaima pafupi.

"Iwe, ufuna kunipelekeza mukati?" anandifunsa. "Choka apa, kamwana konunkhiza anthu."

Anaseka. Ine sindinaseke.

Bodzalo sindinalikonze. Ndimanena choncho mpaka lero, ndipo mwina ndi zoona. Masana ena unalowa uthenga wamba, uja womwe wa sopo ndi madzi owiritsa. Ndinatsika, ambuya n'kukhala pa mpando wawo. Ndinawerenga za sopo, ndinawerenga za madzi, mawu n'kutha. Koma chala changa sichinaime. Chinapitiriza kuyenda pa galasi pamene panalibe kanthu, ndipo pakamwa panga panatsatira.

"Akuti adziwa kuti munasambika mtembo. Akuti mukagwiranso wina, azabwera na motoka kutenga mwana amene musunga, kumupeleka ku nyumba ya ana amasiye."

Mawu anga sananjenjemere. Chimenechi n'chimene chimandiopsa ndikamakumbuka. Ndinayika ngakhale kachibwibwi kamene ndinkachita ndikakumana ndi mawu ovuta a Chingelezi.

Ambuya anandiyang'ana, kenako anayang'ana foni.

"Anichula dzina?"

"Ee."

"Na iwe?"

"Anena chabe kuti mwana."

Tsiku limenelo sananene kuti auze tamva. Anadzuka pang'onopang'ono, analowa m'nyumba, ndipo ndinamva mpando ukukokedwa. Nditasuzumira ndinawaona atakwera, akukankhira beseni lija pamwamba pa mitengo ya denga, kumene tinkasunga mbewu.

Ndinali nditasankha bwino pobaya. Mwana amadziwa pamene munthu wake ali pofewa, ngakhale sangathe kupatchula. Ndikanati boma lidzawamanga, akanangoseka. Ndikanati adzadwala, akanati tsiku la munthu ndi limodzi. Ndinadziyika ndekha pa mbale, ndipo anagonja. Kwa masiku angapo ndinagona bwino, ndinadya bwino, ndinasiya kuzungulira chimbudzi. Sindinaone kuti amene anayamba kuyang'ana kumsewu tsopano anali iwo. Galimoto iliyonse ikamveka patali ankasiya khasu, n'kuima mpaka phokoso litazilala. Ankandisambitsa okha, mwamphamvu, mpaka khungu kuwawa, n'kundiveka diresi ya kutchalitchi pakati pa sabata. "Akabwera apeze kuti usungiwa," ankatero.

Ambuya a kudambo ankalima repu ndi tomato, ndipo ndiwo zawo zinkaonongeka m'dimba popeza ogula anali atasiya kubwera. Tsiku lina anamanga matumba n'kukwera minibasi ya ku Lusaka, ngakhale ana awo anawaletsa. Anabwerako tsiku lomwelo, atagulitsa theka. Patapita masiku awiri anadwala n'kugona. Tsiku lotsatira, dzuwa litangotuluka, mpongozi wawo anafika pakhomo pathu wopanda nsapato, chitenge chitanyowa ndi mame mpaka m'maondo. Anagwada pafupi ndi khonde.

"Ambuya, anzanu atisiya. Tiyeni mukawasambike a kuchipatala akalibe kumva. Akamva azawaika mu pulasitiki monga katundu."

Ndinali nditanyamula ndowa. Ndinaiyika pansi mosapanga phokoso. Ambuya anagwira chitseko ndi dzanja limodzi, maso awo n'kukwera kudenga, kenako n'kutsikira pa ine. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ine ndinayang'ana madzi a m'ndowa akugwedezeka.

"Siningabwere," anatero. "Boma yanilembera."

Mpongoziyo anakweza mutu ngati sanamve bwino.

"Boma? Boma ndiye imene munali kudya nayo mbale imodzi? Boma ndiye inali kukubweretserani repu?"

Ambuya anangogwirabe chitseko chija. Mayiyo anadikirabe pang'ono, kenako anadzuka, kusasa maondo, n'kupita osatsanzika.

Tsiku lonselo ambuya anapalira chimanga chimene anali atapalira kale. Kulira kwa kudambo kunkabwera ndi mphepo, kutha, kubweranso. Sanadye. Ine ndinakhala pa chulu foni ili m'manja, osati kudikira uthenga, koma chifukwa pamwambapo ndinkatha kuona msana wawo pakati pa mizere, ndi kanjira kopita kudambo. Ndinali wokonzeka kuthamanga n'kukadzigwetsa patsogolo pawo akangoyamba kulowera kumeneko. Sanalowereko.

Mtembowo unasambitsidwa ndi mpongozi uja pamodzi ndi mayi wina amene anali asanagwirepo ntchito yotere. Pambuyo pake anthu ankanong'onezana kuti anagwiritsa madzi ozizira, ndipo anaiwala kumanga chibwano. A zaumoyo anamvabe. Anafika masana ndi galimoto yoyera, atavala magolovesi ndi mabutsi, anapopera mankhwala nyumba yonse, ndipo maliro anaikidwa tsiku lomwelo pali anthu owerengeka, popanda moto wa pamaliro. Patapita masiku, mayi wothandiza uja anadwala, n'kumutengera ku matenti a ku Chongwe. Anachira. Nkhani imeneyi ndakhala ndikuigwiritsitsa zaka zonsezi. Ndikamadzizenga mlandu ndimaitulutsa ngati mboni. Imandithandiza, koma siyankhula zonse.

Kumjigo azimayi anasintha. Sanasiye kupereka moni, koma moniwo unatalika mano. "Mwauka bwanji, amai a boma? Yalemba chani lelo?" Wina ankawonjezera kuti, "Tipatuke, angatilembe." Ambuya ankapopa madzi awo, kusenza, n'kubwerera. Kutchalitchi, mapemphero atayambiranso, malo a pa benchi pafupi nawo ankakhala opanda munthu.

Masiku ano ndimakwera minibasi yopita kuntchito ku Lusaka, ndipo nthawi zina mafoni onse m'galimotomo amalira pamodzi, kuyambira wa kondakitala mpaka wa mayi wa kumpando wakumbuyo. Chenjezo la madzi osefukira, la matenda, la mbozi za m'chimanga. Anthu amangoyang'ana n'kubweza m'thumba. Ine ndimawerenga mpaka mawu omaliza, ndipo ndikafika pamene athera ndimachotsapo chala.

Foni yathu inkatchajidwa kwa aphunzitsi, amene anali atamanga nyumba ya njerwa pa mapuloti atsopano ndipo anali ndi sola. Nthawi zonse ndinkapita ndekha. Koma Loweruka lina ambuya anavala chitenge chawo cha kutchalitchi, anathyola chimanga chachiwisi n'kuchimanga m'nsalu, n'kunena kuti tipitira limodzi.

"Nifuna ba ticha anilembereko kalata ku boma," anatero tili m'njira. "Niwauze kuti ninamva, sininagwirenso munthu. Niwauze kuti mwana ayenda ku sukulu, adya, ali na bulangeti. Asiye kunivutitsa mtima. Sinigona, iwe."

Msewu unali matope okhaokha. Ndinaganiza zogwetsera foni m'chithaphwi. Ndinaganiza zonamizira mutu. Ndinaganiza zothawira m'chimanga cha anthu n'kusabwerera. Miyendo inangopitirira kuyenda pambuyo pawo.

Aphunzitsi anatilandira pakhonde. Nyumba yawo inali pamtunda, netiweki inkagwira paliponse. Ambuya asanamalize ngakhale moni, foni yathu inanjenjemera m'manja mwanga, ya aphunzitsi inalira m'thumba la shati, ndipo ina ya akazi awo inalira m'nyumba. Aphunzitsi anayang'ana yawo n'kuseka.

"Aba naba ayambanso. Sopo, sopo, sopo."

Ambuya anadabwa. "Na imwe akulemberani?"

"Onse, ambuya. Ni makina imatumiza kamodzi chabe, yagwera pa foni iliyonse mu dziko. Onani." Anayika mafoni awiriwo pamodzi. Ambuya sakanatha kuwerenga, koma ankatha kuona kuti mizere yake inali yofanana, kutalika kwake kumodzimodzi.

Anachotsa maso pa mafoniwo. Kenako anafotokoza chimene anadzera, mwaulemu, manja ali pamodzi. Anapempha kuti aphunzitsi ayambe awerenga uthenga uja wa mwana, kuti adziwe poyankhira.

Aphunzitsi anayamba kutsika ndi batani. Ndimakumbukabe kaphokoso kake: tiki, tiki, tiki. Ine ndinkayang'ana nyerere zikukoka phiko la chiswe m'mphepete mwa simenti. Anafika kumapeto, anabwerera pamwamba, anatsikanso.

"Palibe, ambuya," anatero. "Pali chabe ya sopo, ya madzi, na ija ya maliro. Dzina yanu ili chabe pa ija yakale ya feteleza. Boma siidziwa kuti musunga mwana."

Atatero anandiyang'ana. Anali munthu wodziwa ana, ndipo ndinaona pa nkhope yawo kuti amvetsa zonse nthawi yomweyo. Anakonza kukhosi.

"Koma ija ya mitembo ni yazoona. Munachita bwino kusayenda. Matenda aya saseka na munthu."

Ambuya anathokoza. Anamasula nsalu, anasiya chimanga pakhonde, anathokozanso akazi a aphunzitsi amene anali atatuluka, ndipo tinanyamuka. Foni inatsala pa tchaji. Palibe amene anaikumbuka.

Ndinkadikira chikwapu. Kwathu mwana wolakwa ankatumidwa kukathyola yekha kamtengo komukwapulira, ndipo ndinkayang'ana zitsamba za m'mbali mwa njira, ndikusankhiratu. Ndinkachifuna chikwapucho. Chikanatha msanga. Koma ambuya ankangoyenda patsogolo, matope akulira pansi pa patapata wawo, osatembenuka.

Anaima pamphambano pamene kanjira ka kudambo kamapatukira. Sanandiyang'ane. Anayang'ana kumunsi, kumene utsi unkatuluka pa denga la nyumba ya mnzawo.

"Tsiku imene amako anafa," anatero, "ninatenga madzi, ninatenga sopo, manja anakana. Sininakwanitse kumugwira mwana wanga. Uja ndiye ananichotsa, kunikhazika panja. Anamusambika yekha. Anamuluka na tsitsi. Ninamuuza kuti iwe, tsiku yako, ni ine."

Mphepo inagwedeza chimanga cha m'mbali mwa njira. Ndinafunafuna chonena, ndipo ndinapeza chimodzi chokha, chimene kwa ine chinali chachikulu kuposa zonse.

"Koma muli moyo."

Apo ndiye anatembenuka. Sanakwiye. Anandiyang'ana ngati akuyeza msinkhu wanga, kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kupeza kuti sunakwane.

"Ee," anatero. "Nili moyo. Yenda ku nyumba, ukatseke nkhuku."

Anatsika kanjirako okha, opanda kanthu m'manja, atawerama ngati asenza mtolo wa nkhuni. Ndinaima pamphambanopo ndikuwayang'ana akucheperachepera pakati pa udzu. Sindinkamvetsa. Ndinali nditawasunga, ndipo ngakhale aphunzitsi anali atanena kuti kusapita kunali bwino. Ndinkadziwa kuti womwalira samva ngati madzi ali ofunda kapena ozizira, sadziwa manja amene amugwira. Ndiye ndinkadzifunsa kuti walakwiridwa ndani, nanga ambuya akupita kukapepesa kwa yani, popeza mwini wake anali kale m'dothi.